NKHAFI NDI RAKETI: MPHAMVU SIGULIDWA M'SITOLO

Pali masewera ena amene afala kwambiri padziko lapansi m'zaka zapitazi, ndipo dzina lake ndi padel. Amasewera anthu anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, m'bwalo lotchingidwa ndi makoma a galasi ndi waya. Mpira wake, umene uli wofanana ndi wa tenisi, amaumenya ndi chomenyera chachifupi chopanda zingwe, chokhala ndi timabowo, chimene ambiri amangochitchula kuti raketi. Ana a dziko lino amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town akuwadziwa masewerawa, pakuti kuyambira cha m'ma 2020 mabwalo ake akhala akumera ngati bowa m'mizinda ya ku South Africa. Tsono pakati pa anyamata amene ayamba kuwakonda, funso limene limamveka kawirikawiri n'lakuti: kodi ndi raketi iti imene ingampatse munthu mphamvu zokwapulira mpira mpaka opikisana naye kusowa pogwira?

Funsoli si loipa ayi, koma limafunsidwa chadodolido. Wofunsayo amayesa kuti mphamvu ili m'chipangizo, ndipo kuti akangotulutsa ndalama zokwanira adzaigula monga momwe munthu agulira shuga. Zoona zake n'zakuti raketi imangopereka kumpira mphamvu imene mwini wake ali nayo kale, ndipo raketi yoposa msinkhu wa mkono imalanda ngakhale zochepa zimene munthuyo adali nazo. Mfundo imeneyi si yachilendo kwa anthu a kunyanja. Pagombe la Chikale, pafupifupi makilomita awiri kuchokera pakati pa tauni ya Nkhata Bay, asodzi akhala akuidziwa kuyambira kale, ngakhale kuti chida chawo si raketi koma nkhafi.

Kuyerekeza ziwirizi si nthabwala, pakuti ngakhale dzina lenileni la masewerawa lidachokera ku nkhafi. Adawayambitsa ndi Enrique Corcuera m'chaka cha 1969 panyumba pake mumzinda wa Acapulco ku Mexico, ndipo dzina lakuti padel lidaphuka kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti paddle, amene tanthauzo lake loyamba ndi nkhafi. M'chaka cha 1974 bwenzi lake, Alfonso de Hohenlohe, adamanga mabwalo awiri ku Marbella m'dziko la Spain, ndipo posakhalitsa masewerawa adawolokera ku Argentina, kumene adazika mizu kwambiri. Bungwe loyang'anira padel padziko lonse lidakhazikitsidwa ku Madrid m'chaka cha 1991. Kufikira lero anthu olankhula Chisipanishi raketiyo amaitcha pala, mawu amene amatanthauzanso fosholo ndiponso mbali yaphanthiphanthi ya nkhafi imene imalowa m'madzi. Kotero munthu wa ku Nkhata Bay amene wakumana ndi raketi kuchilendo wakumana ndi mbale wake wa chida chimene adachisiya kumudzi.

Ndipo anthu a boma limeneli ngapaulendo kuyambira makedzana. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, adali mwana wa ku Chifira m'boma lomweli, ndipo njira imene iye adadzera sidameremo udzu. Amene amapita amabwera ndi zovala, mawu ndi masewera atsopano. N'chifukwa chake nkhani ya raketi si yakutali ndi Chikale monga momwe ingaonekere.

NZERU ZA PAGOMBE

Ku Nkhata Bay nyanja siyamba pang'onopang'ono monga kumadera ena a kumwera. Munthu akangochoka pamchenga pang'ono madzi amazama, ndipo chigawo cha kumpoto kwa nyanjayi ndicho chili ndi malo ozama koposa, okwana mamita 700. Sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda panyanjayi m'chaka cha 1951, idapanga doko la Nkhata Bay kukhala lotchuka, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku imene imadyetsa mabanja ambiri imagwiridwa ndi bwato ndi nkhafi. Usiku wopanda mwezi nyali za asodzi a usipa zimandandalika pamadzi ngati mudzi, ndipo siginala, amene amakopa nsomba ndi kuwala, amakhala m'bwato lake maola ambiri akudikira kuti anzake azinge chilimira. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti mphepo ya mwera imautsa mafunde, ndipo pamenepo m'pamene pamadziwika mpalasi weniweni.

Msodzi wodziwa ntchito akafuna nkhafi sayang'ana kukula kwake kokha. Amayamba waigwira, kuinyamula, ndi kuizunguza m'malere kuti amve kumene kulemera kwake kwatsamira. Iye adziwa kuti nkhafi yotakata ndi yolemera kumutu imakoka madzi ambiri pakupalasa kumodzi, ndipo bwato limalumpha ndithu. Koma adziwanso kuti ulendo wa kumadzi si kupalasa kumodzi. Ndi kupalasa kosawerengeka, kupita ndi kubwera, ndipo pobwerapo bwato limakhala lolemedwa ndi nsomba, munthu ali wotopa, mwina mphepo ikuchokera kutsogolo. Nkhafi imene idamkondweretsa pochoka pagombe ikhoza kumthyola phewa pakati pa nyanja. Komanso funde likabwera cham'mbali, chimene chimapulumutsa bwato si kukula kwa nkhafi koma changu chake potembenuka. Pachifukwa chimenechi mnyamata wophunzira sapatsidwa nkhafi ya atate ake. Amayamba ndi yomuyenera, ndipo imakula pamodzi ndi mkono wake.

Mafunso atatu amene msodziyo amadzifunsa, akuti mkono wanga ngotani, madzi ake ngotani, ndipo ulendo wake ngotalika bwanji, ndiwo amene wogula raketi ayenera kudzifunsa asanatsegule chikwama.

MITUNDU ITATU YA MARAKETI

Malamulo a masewerawa salola kuti raketi ikule mopyola muyeso. Kutalika kwake kusapitirire masentimita 45.5, m'mimba mwake masentimita 26, ndipo kuchindikala kwake mamilimita 38. Timabowo ta pakati pake tiyenera kukhala ta mamilimita 9 kufikira 13, ndipo kuchogwirira kuyenera kukhala chingwe chokoleka padzanja kuti raketi ingapulumuke ndi kuvulaza munthu. Popeza maraketi onse amatsata miyeso imeneyi, kusiyana kwake kuli pa zinthu zinayi: maonekedwe a mutu, kulemera, malo amene kulemerako kwakhazikika, ndi kulimba kwa zipangizo zimene adaumbira. Ambiri amalemera pakati pa magalamu 340 ndi 390, pamene mpirawo sufika n'komwe magalamu 60.

Kunena za maonekedwe, mitundu yake ilipo itatu. Woyamba ndi wozungulira ngati lichero. Kulemera kwake kumakhala pafupi ndi dzanja, ndipo mtima wake, ndiye kuti malo amene mpira ukagunda umachoka bwino popanda kunjenjemeretsa mkono, ndi waukulu ndipo uli pakatikati. Wachiwiri uli ngati dontho la madzi kapena peyala: wotakata cha kumtunda, wowonda cha kuchogwirira, ndipo kulemera kwake kuli pakati. Wachitatu ndi wa dayamondi, wokhala ndi mapewa otambalala kumutu. Kulemera kwake kwathawira kunsonga, ndipo mtima wake ndi waung'ono, uli pamwamba. Umenewu ndi umene ogulitsa amauikira mawu okopa akuti ndi raketi ya oukira, ndipo ndi umene maso a anyamata amathamangirako.

Ogulitsawo sanama kwenikweni. Aliyense amene adagwirapo nkhwangwa kapena nyundo adziwa kuti chitsulo chikakhala kunsonga ya mpini wautali chimagwa ndi ukali woposa kulemera kwake. Raketi ya dayamondi imagwira ntchito chimodzimodzi. Mkono ukaizunguza kuchokera pamwamba pa mutu, nsonga yake imayenda mwaliwiro kuposa dzanja, ndipo popeza kulemera kuli komweko, mpira umachoka ngati mwala wa legeni. Maraketi awiri akhoza kulemera mofanana pasikelo, koma umene kulemera kwake kuli kumutu udzamveka wolemerapo pouzunguza, ndipo udzamenya koposa ngati wakumana ndi mpira pamalo pake ndi panthawi yake.

Komatu mawu akuti "ngati" ndiwo mwini nkhani. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Kulemera komweko kumene kumapereka ukali pamkwapulo kumachedwetsa raketi pamene mpira wabwera mwadzidzidzi pafupi ndi ukonde, kapena pamene wagunda galasi ndi kubwerera chapansipansi pakona. Pamenepo munthu amakhala ndi kamphindi kochepa zedi, ndipo raketi yolemera kumutu imafika mpira utadutsa kale. Kuwonjezera apo, popeza mtima wake ndi waung'ono, mpira ukagunda pambali pang'ono suchoka ndi mphamvu iliyonse. Umangofera paukonde, ndipo kunjenjemera kwake kumatsikira m'dzanja mpaka kuchigongono. Katswiri amene amagunda pamtima nthawi zisanu ndi zinayi pa khumi amakolola zabwino za raketiyo. Wophunzira amene amagundapo kanayi kapena kasanu amakolola zoipa zake zokha.

ZA M'KATI MWAKE

Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wowala ndi dzina la katswiri lolembedwa pamwamba sizinena zambiri; chofunika ndi chimene chili m'kati. Pakati pa raketi pamakhala mphira wofufuma ngati siponji, umene kawirikawiri ndi wa mtundu wotchedwa EVA, ndipo kunja kwake amakutako nsalu yowumitsidwa ya faiba, yofanana ndi ya maboti, kapena ya kaboni. Faiba imapindika pang'ono, kotero imathandiza kukankha mpira ngakhale munthu atamenya mofooka, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Kaboni ndi youma ndi yolimba. Manambala akuti 3K, 12K kapena 18K amene amalembedwa paraketi amangonena zikwi za timaulusi tili m'chingwe chilichonse cha nsaluyo. Sanena kuti raketi ya nambala yaikulu ndiyo yabwino koposa. Mphira wofewa umabweza mpira wodza pang'onopang'ono, koma munthu akamenya ndi mphamvu zonse umameza gawo la mphamvuzo. Mphira wolimba suthandiza wofooka, koma kwa wamphamvu umabweza zonse zimene wapereka. Apanso phunziro n'lomwe lija: raketi yolimba siwonjezera kanthu, imangosunga zimene mwini wake wabweretsa.

Anthu a ku Nkhata Bay sasowa kuuzidwa za khalidwe la mphira, pakuti minda ya mitengo yake ili ku Vizara m'boma lomwelo, ndipo mipira yopota ndi ulusi wa mphira imagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ngakhale kuti EVA ngwopangidwa m'fakitale, sachokera kumtengo, khalidwe lake pa kutentha ndi lodziwika: dzuwa likaomba amafewa, kukazizira amauma. Raketi imene imamveka bwino m'nyengo yachisanu ku Johannesburg idzamveka yofewerapo m'mwezi wa Okutobala m'mphepete mwa nyanja, ndipo yosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka imakalamba msanga. Kukwera kwa malo nakonso kuli ndi mawu ake. Kumalo okwera mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umathamanga kwambiri, kotero kuti malamulo amalola mpira wa mtundu wina kumalo opitirira mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere. Chikale ali pamamita pafupifupi 475, Lilongwe apitirira 1,000, Mzuzu apitirira 1,200, pamene Johannesburg ali pamamita oposa 1,700. Wosewera kumalo okwera ali ndi liwiro laulere kale; chimene amasowa ndi chiwongolero, osati ukali wina.

KUMENE MPIKISANO UMAPAMBANIDWIRA

Pali chinanso chimene okonda mkwapulo amaiwala, ndicho chikhalidwe cha masewera enieniwo. Bwalo la padel ndi la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndipo makoma ake ali mbali ya masewera. Mpira ukagunda pansi ndi kupita kugalasi umabwerera, ndipo wopikisana naye ali ndi ufulu woumenya pobwererapo. Tanthauzo lake n'lakuti mkwapulo waukali umene sudatsirize ntchito yake umasanduka mphatso: khoma limaubweza pakati pa bwalo, mdani n'kuupeza uli wokonzeka. Kuti mkwapulo upindule uyenera kudumpha khoma la m'mbali la mamita atatu, kapena la kumbuyo la mamita anayi, kapena kubwerera kumbali ya mwini wake mdani asanaukhudze. Zimenezi zimafuna kuima pamalo oyenera, kuutenga mpira pamwamba penipeni ndi kuupotoza, osati nyonga zokha.

Ndiponso mipata yotere siibwera pafupipafupi. Gawo lalikulu la mpikisano limatha anthu akulimbirana malo a pafupi ndi ukonde. Amene ali kumbuyo amaponya mpira m'mwamba kuti akankhire anzawo kutali. Amene ali kutsogolo amayankha ndi kamenyedwe kodekha kotchedwa bandeja, kutanthauza thireyi, chifukwa raketi imagwiridwa ngati yonyamulirapo makapu, kapena kamenyedwe kodula kotchedwa víbora, dzina la njoka yaululu, kamene kamachititsa mpira kukwawa ukagunda khoma. Ngakhale poyambitsa masewera mpira saumenyera pamwamba monga ku tenisi. Amayamba waugunditsa pansi ndi kuumenya usanapitirire m'chiuno. Woukira weniweni ndi amene amasunga malo ake a kutsogolo, kumpanikiza mdani mpaka ataponya mpira wofupika, ndipo pamenepo m'pamene amakwapula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Raketi imene imathandiza pamkwapulo umodzi koma n'kusokoneza mipira khumi yokonzekera mkwapulowo yagwira ntchito ya mdani.

Mbiri ya akatswiri ikuchitira umboni. Fernando Belasteguín wa ku Argentina adakhala woyamba padziko lonse zaka 16 zotsatizana kuyambira m'chaka cha 2002, ndipo adapuma pamasewerawa m'chaka cha 2024. Chimene chidamtchukitsa si ukali wa mkono koposa anzake, koma kusalakwitsa, kuwerenga masewera ndi kusatopa. Mbadwo watsopano ndi waukali zedi, zoonadi. Arturo Coello wa ku Spain, mnyamata wamtali wamanzere, ndi Agustín Tapia wa ku Argentina adakwera pamwamba pa onse m'chaka cha 2023 ndipo adatsiriza chaka cha 2024 ali pomwepo. Koma n'chochititsa chidwi kuti Tapia, amene mikwapulo yake imaimiritsa anthu m'mipando, adatchuka akusewera ndi raketi ya Nox yotchedwa AT10, imene maonekedwe ake ndi a dontho, osati a dayamondi. Liwiro la mpira wake limachokera m'miyendo, m'chiuno ndi m'kutembenuka kwa thupi lonse, monga momwe mpalasi wabwino sapalasa ndi manja okha koma ndi msana ndi mapewa.

Ena adzatsutsa, ndipo mawu awo ayenera kumvedwa. Adzati Juan Lebrón ndi Alejandro Galán, amene adatsogola padziko lonse asanabwere Coello ndi Tapia, adatchuka ndi maraketi a dayamondi, ndipo munthu wofuna kudzakhala woukira ayenera kuzolowera chida cha oukira adakali wamng'ono. Adzatinso kugula raketi yofewa lero ndi ina yolimba mawa ndiko kulipira kawiri. Mfundo yoyambayo ili ndi choonadi chake, koma ikuiwala kuti akatswiriwo amaphunzira tsiku lililonse, ali ndi aphunzitsi ndi madokotala owasamalira, ndipo maraketi sagula ndi ndalama zawo. Sadakhale akatswiri chifukwa cha dayamondi. Adafika pa dayamondi chifukwa adali kale akatswiri. Kunena za kulipira kawiri, raketi si khasu lokhala zaka khumi. Mphira wake umatopa, ndipo wosewera kawirikawiri adzafunabe ina patsogolo. Funso si lakuti adzagula kangati, koma lakuti yoyambayo imphunzitse kapena impweteke.

MKONO NDI THUMBA

Apa m'pamene nkhaniyi ileka kukhala ya masewera chabe. Kunja kwa chigongono kuli kafupa kotuluka, pamene pamamangirira mitsempha ya minofu yotukula dzanja. Mitsempha imeneyi ikagwedezedwa mobwerezabwereza ndi chida cholemera kumutu, cholimba, chogundidwa pambali, imang'ambika pang'onopang'ono, ndipo ululu wake madokotala adautcha chigongono cha tenisi. Wodwalayo amavutika kunyamula ngakhale ndowa kapena kupotokola chitseko, ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi. Phewa nalonso limalandira gawo lake pamikwapulo yochitika popanda luso. Kwa munthu wolemera zimenezi ndi kupuma masewera basi. Koma kwa mnyamata amene mkono womwewo ndiwo umagwira chipande cha womanga, kunyamula mbale m'hotela, kudula maluwa a bwana kapena kupalasa bwato, chigongono chotupa ndi njala ya banja lonse, kuphatikizapo makolo amene amadikira thandizo kumudzi. Palibe chigonjetso cha Loweruka madzulo chimene chingalipire mwezi wosagwira ntchito.

Thumba nalonso liyenera kufunsidwa. Maraketi amenewa amapangidwa kunja, ndipo a mayina a akatswiri amafika pamtengo wopitirira ma euro 300. Kuyambira pamene mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 aliwonse m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 m'mwezi wa Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja wakhala wolemetsa. Ndalama zogulira raketi imodzi yotere zikhoza kugula ina yapakati yabwino, nsapato zoyenera, ndi kutsala zolipirira mphunzitsi. Mwa zonsezi, maphunziro ndiwo amawonjezera liwiro la mpira koposa. Wofuna ya kaunjika achenjere ndi ming'alu yozungulira timabowo ndi m'mphepete, ndipo aigogode ndi chala ponseponse, pakuti pamene mphira wafa kapena wamatuka pamamveka mosiyana ndi pena. Achenjerenso ndi yotsika mtengo modabwitsa yokhala ndi dzina lalikulu, chifukwa zonyengezera zilipo. Safunsa adadya phula.

Nanga tsono wofuna masewera oukira achite chiyani? Poyamba adziyese yekha moona mtima. Ngati sadathe chaka akusewera, kapena ngati mpira ukumgundabe m'mphepete mwa raketi, atenge yozungulira kapena ya dontho, ya mphira wapakati, yolemera magalamu a pakati pa 350 ndi 365, ndipo wa thupi laling'ono asachite manyazi kutsikirapo. Kachiwiri, aiyese poitsamiritsa pachala chimodzi kufikira itakhazikika, n'kuyeza kuchokera kumapeto kwa chogwirira: ikakhazikika cha pamasentimita 26 ndi yapakati, ikapitirira 27 ndiye kuti yalemera kumutu. Kachitatu, asagule asanabwereke ya mnzake ya mtundu womwewo ndi kusewera nayo mpikisano wathunthu, pakuti mphindi zisanu zoyamba zimanama. Choonadi chimatuluka m'ola lachiwiri, monga momwe nkhafi imadziwikira pobwerera. Ayang'anenso m'mawa mwake ngati chigongono chikulankhula. Kachinayi, akumbukire kuti kansalu kokulunga kuchogwirira kamakokera kulemera kudzanja, pamene kampira kotetezera kumutu kamakankhira kulemera kunsonga. Ndi tinthu totchipa timeneti munthu angasinthe khalidwe la raketi pang'onopang'ono osagula ina.

Sikuti raketi ya dayamondi ilibe mwini. Mwini wake alipo: ndi wosewera amene wakhwima, amene miyendo yake imamfikitsa pansi pa mpira nthawi isanathe, amene amagunda pamtima osaganizira, amene phewa ndi mkono wake zalimbitsidwa ndi zolimbitsa thupi, ndipo kawirikawiri ndi amene amaima mbali ya kumanzere kwa bwalo, kumene wakumanja amalandira mipira yambiri ya m'mwamba yodzera pakati. Ayeneranso kukhala ndi mnzake wodekha womkonzera mipata, pakuti padel ndi ya awiri, ndipo mutu umodzi susenza denga. Wotereyu akaitenga dayamondi sadzadabwa nayo. Adzangomva kuti chida chafika pamsinkhu wake. Chizindikiro chakuti nthawi yakwana n'chakuti raketi yakale iyamba kumveka ngati ikumeza mphamvu zake, osati chakuti mnzake wagula yatsopano.

Msika uli ndi chizolowezi chouza achinyamata kuti luso likhoza kukulungidwa m'pepala ndi kutengedwa pakauntala. Umatero ndi nsapato za mpira wa miyendo, umatero ndi njinga, ndipo tsopano ukutero ndi raketi. Achinyamata a dziko lino, amene ndalama yawo imapezeka ndi thukuta ndipo thupi lawo ndilo chuma chawo chachikulu, alibe chifukwa chokhulupirira zimenezo. Kuthamanga si kufika. Amene afuna kuopedwa pafupi ndi ukonde ayambe wagula raketi imene angathe kuilamulira ali wotopa, aphunzire kudikira mpira wake, ndipo alole chida kukula pamodzi ndi mkono. Akatero, tsiku limene adzatulutse mpira pamwamba pa khoma la mamita anayi, oonerera sadzafunsa dzina la raketi. Adzafunsa dzina la mwini wake.